Funsani Dokotala: Amuna anga akungodzitsekera m'chipinda chiwapezereni ndi khansa ya m'chiwindi

Funso: Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 47 ndipo miyezi iwiri yapitayo anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Chibwerereni kuchipatala sakufuna kuona anthu, nsima angotema mbamu ziwiri n'kukankha mbale, usiku tulo palibe. Dzana ananena kuti akungotivutitsa, bola afe msanga. Alamu anga akuti tiwagulire mapiritsi ogonetsa. Ndigwire mtengo wanji? Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Mapiritsiwo musagule. Mankhwala ngati diazepam amasefedwa ndi chiwindi, ndiye chikakhala chodwala amachedwa kutuluka m'thupi ndipo atha kuwakomola.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe zimafanana pamaso. Chiwindi chikafooka, poizoni monga ammonia amatsalira m'magazi n'kukasokoneza ubongo. Munthu amagona masana n'kukhala maso usiku, amaiwala tsiku, amayankha zosagwirizana ndi funso. Auzeni atambasule manja kutsogolo, zikhatho ataziimika ngati akuimitsa galimoto. Zikamagwa n'kudzuka zokha, ndiye kuti mwina vuto ndi chiwindi. Kudzimbidwa kumayambitsa zimenezi, chimodzimodzinso kutaya magazi m'mimba, komwe mungakuzindikire ndi chimbudzi chakuda bii. Mukaona zotere pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko kuli mankhwala monga lactulose omwe amathandiza.

Ngati mutu uli bwinobwino koma mtima ndi umene wagwa, apo tikukamba za matenda okhumudwa. Aliyense akamva kuti ali ndi khansa amalira, ndipo palibe cholakwika. Koma zikapitirira masabata awiri, munthu osasangalalanso ndi chilichonse, n'kumadziona ngati katundu wolemetsa abale, amenewo ndi matenda paokha ndipo amachizika ngakhale khansayo itakhala yosachizika. Zimandipweteka kuona odwala ambiri akusiyidwa chomwecho poti "nanga ndi matenda amenewa angasangalale bwanji".

Mawu aja oti bola afe musawatenge mopepuka. Khalani nawo pansi muli awiri, muwafunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, kapena akangokhala chete, chotsani m'nyumba tameki ndi mankhwala onse a mbewu, musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala lero lomwe. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo, ndipo St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe imapereka uphungu.

Funsaninso za ululu. Abambo ambiri amangoluma mano osanena, pomwe kupweteka kwa kumanja pansi pa nthiti ndi kumene kukuwasowetsa tulo. Pemphani akutumizeni ku kiliniki ya palliative care, yomwe imachepetsa ululu ndi kusamalira odwala matenda aakulu, monga Tiyanjane ku Queens ku Blantyre, Ndi Moyo ku Salima, kapena ya pachipatala chachikulu cha boma lanu. Morphine wakumwa, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, akaperekedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo.

Mankhwala a kukhumudwa alipo, koma ndi dokotala yekha wodziwa mmene chiwindi chawo chilili amene angawalembere, kuyambira pa mlingo wochepa. Amitriptyline amadzimbitsa ndi kugonetsa, fluoxetine atha kuwonjezera chiopsezo chotaya magazi. Amatenganso masabata awiri mpaka anayi asanayambe kuoneka ntchito yake.

Kunyumba, chepetsani mawu oti "limbani mtima, muchira". Akamva zimenezo amadziwa kuti palibe wofuna kumva zomwe zili kukhosi kwawo. Afunseni chomwe chikuwadetsa nkhawa kwambiri. Nthawi zambiri si imfa ayi, koma fizi ya ana, ngongole, kapena mantha oti achibale adzakulandani nyumba. Athandizeni kulemba wilo, ayitaneni ankhoswe, apitirize kulamula za kumunda ngati kale. Abusa kapena shehe abwere kudzamvetsera, osati kudzangolalikira.

Inunso mayi mukufunika wokupumitsani, musadwazike nokha. Ndipo popeza khansa imeneyi kuno kwathu kawirikawiri imayamba ndi kachirombo ka hepatitis B, funsani ngati amuna anu anawayeza. Ngati ali nako, inu ndi ana mukayezetse. Katemera wake analowa m'gulu la akatemera a ana m'Malawi mu 2002, choncho obadwa chisanafike chaka chimenecho ndi amene ayambe kupita.