Dashibodi yanga yang'aluka, kodi ndiike yathabwa?

FUNSO

Amakanika, ndili ndi Peugeot 504 ya 1976 imene anandisiyira malemu bambo anga. Injini ikulira bwinobwino, koma dashibodi yapulasitiki ija yang'aluka malo atatu mpaka siponji yamkati ikuonekera. Ndinaona pachithunzi Jaguar yakale ya dashibodi yathabwa ndipo ndinaisirira kwabasi. Ndili ndi thabwa la mbawa lokhuthala bwino. Kodi ndizule yonseyo, kalipentala andisemere ina?

Wowerenga wanu

YANKHO

Achimwene, thabwa lanulo lisungeni mudzapangire tebulo. Ndikutero chifukwa zimene mukuganizazi ine ndinazichitapo ndili wachinyamata. Ndinasema dashibodi pathabwa limodzi, kuboola, kupala, kupaka vanishi mpaka kudzionamo nkhope. Sipanathe chaka. Tsiku lina ndikutsegula chitseko ndinapeza mng'alu wayenda kuchokera pabowo la spidomita kukafika pabowo la wotchi yamafuta, thabwa lonse litapindika ngati uta, sikuluu imodzi yakumapeto itazuka.

Galimoto ikaima padzuwa magalasi ali otseka, dashibodi imatha kutentha kupitirira madigiri 70, usiku n'kuziziranso. Thabwa limafufuma likamwa chinyezi, likauma limanyala, ndipo mukaliboola mabowo aakulu ndiye mwalifoolereratu. Kutentha komweku ndi kumene kwapha pulasitiki yanu: dzuwa limaumitsa mankhwala amene amaifewetsa, ikauma imangothetheka.

Jaguar munaisirirayo, ngati ndi Mark 2 imene inapangidwa kuyambira 1959 mpaka 1967, musaganize kuti kukongola kwakeko ndi kwa thabwa lochindikala. Ndi kachikopa kamtengo wa walnut kotchedwa veneer, kopyapyala kosafika milimita imodzi, komatidwa pamwamba pa thabwa lina. Galimoto ya Triumph TR6 nayonso ndi chimodzimodzi, pansi pake pali pulayiwudi. Pulayiwudi sapindika wamba poti mapepala ake anamatidwa mopingasana, lina likafuna kukoka, linzake limakaniza.

Tsono kuzula yonse ayi. Pamwamba paja anaikapo siponji dala, kuti pangozi mutu wa munthu ugunde pofewa. Ku America lamulo lokhudza zimenezi linayamba kugwira ntchito mu 1968, ndipo n'chifukwa chake ngakhale galimoto ya MGB, yomwe inali ndi dashibodi yachitsulo, inayamba kupita kumeneko itakutidwa ndi siponji. Komanso thabwa lonyezimira pamwamba limaonekera m'galasi lakutsogolo dzuwa likawomba, msewu osauona bwino. Pamwambapo kapatseni wosoka mipando adzazemo siponji m'ming'alumo, akute ndi chikopa kapena vinilo yakuda yosawala, asatseke timabowo totulutsa mpweya wowumitsa galasi. Mtengo, ndiye kuti veneer yomatidwa pa pulayiwudi, uikeni kumaso kokha, malo afulati amene amayang'anana nanu mukakhala pampando.

Musanamasule kalikonse, chotsani waya wa negativu pabatire. Jambulani kuseri kwa dashibodi ndi foni, ndipo waya aliyense mummange katepi kolembapo kumene akupita. Musadalire mutu, pakatha masabata awiri onse amafanana. Kenako dulani chitsanzo pakatoni, muyese, mudulenso, mpaka chilowe popanda kukankha. Katoni akavuta mumangotaya, pomwe veneer mukaidula molakwika mulira nayo.

Pulayiwudi wa mamilimita 6 mpaka 9 akwana, makamaka uja wopangira maboti amene guluu wake saopa madzi. Galimoto zambiri za m'ma 1970 mawotchi ake ali m'bokosi limodzi, choncho lisiyeni momwe lilili, mungodula zenera loti lizionekera. Mukafuna kuwonjezera wotchi ina, zing'onozing'ono zambiri zimalowa pabowo la mamilimita 52, koma yesani yanuyo kaye. Kumbukiraninso kuti mtengo sudutsa magetsi. Kababu kapena swichi iliyonse imene inkapeza ethi (njira yobwererera magetsi ku batire) pokhudzana ndi chitsulo muikokere waya wakewake kupita ku bodi, apo ayi mudzadabwa magetsi a mawotchi akuphethira.

Pomata m'pamene ambiri amagwa. Guluu uja womatira nsapato amagwira msanga, inde, koma akatenthedwa amafewa, veneer n'kutukusira ngati chithuza. Gwiritsani guluu wa epoxy kapena guluu wamatabwa wosamva madzi, mupane pakati pa matabwa awiri afulati usiku wonse. Kuseri nakonso matani veneer, ngakhale yotchipa yosaoneka bwino, chifukwa mukamata mbali imodzi yokha pulayiwudi amakokedwa n'kupindikira komweko. Popala ndi sandipepa dzanja likhale lopepuka ndipo muzitsata mizere ya mtengo. Mukangolimbikira pang'ono pakona, mwaboola, pulayiwudi woyera uja wasuzumira.

Vanishi sankhani woteteza ku dzuwa. Pakani mopyapyala kasanu kapena kupitirira, kudikira aume n'kupala pang'ono musanapakenso. Pakani paliponse: kumaso, kuseri, m'mbali, ndi mkati mwa mabowo momwe, poti chinyezi chimalowera kumene maso saona. Mabowo a masikuluu akhale okulirapo pang'ono kuti mtengo upeze popumira, ndipo musamange mpaka kulira.

Chinanso, ogula galimoto zakale amakonda yomwe ili momwe inatulukira kufakitale. Ndikudziwa kuti ya bambo simuganiza zoigulitsa, komabe gwiritsani mabowo akale omwewo osaboola chitsulo chatsopano, ndipo tizidutswa tonse tapulasitiki mwachotsato tikulungeni m'nsalu, masikuluu ake muike m'kabotolo, musunge pamthunzi.