Mwana wanu si wofooka, Mayi: nkhani ya dual credit

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Texas, ku America. Mwana wawo wamkazi ali giredi 11 ndipo amapeza ma A okhaokha, koma GPA yake (avereji ya magiredi a maphunziro ake onse) inaima pa 4.0, pomwe ya mnzake wa m'kalasi momwemo inadutsa pamenepo. Atafufuza anamva kuti mnzakeyo amachita dual credit. Ndiye akufunsa: kodi mwana wanga ndi wofooka, kapena pali chimene tinaphonya?

Mayi, mtima pansi. Mwana wanu sanalakwe kanthu.

Dual credit ndi dongosolo loti mwana wa ku sekondale aziphunzira phunziro la ku koleji, n'kuliwerengera mbali zonse ziwiri. Ku Minnesota anayamba mu 1985, ndipo ku Texas lamulo la mu 2015 linachotsa malire pa chiwerengero cha maphunziro otere amene mwana angatenge. Masukulu ambiri amawapatsa mlingo wokwera: A wa m'kalasi wamba ndi 4.0, koma A wa dual credit amatha kufika 5.0. Ana awiri akhama mofanana amasiyana pamenepo basi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mwayiwu sufika kwa aliyense. Kuti mphunzitsi aphunzitse phunziro la koleji, kawirikawiri amafunika digiri ya masters yokhala ndi makirediti 18 a phunzirolo, ndipo masukulu a kumidzi ndi a m'madera osauka alibe aphunzitsi otere ambiri. Kwina mwana amayenera kupita yekha ku koleji masana. Nanga ngati galimoto ndi imodzi pakhomo, bambo anapita nayo ku ntchito m'mamawa ndipo mayi akugona atachoka ku shifiti ya usiku? Palinso mayeso a TSI, oyesa ngati mwana wakonzeka kulowa maphunziro a ku koleji, palinso mabuku. Koma chachikulu, ife obwera sitimva n'komwe za zimenezi. Tinakulira pa MSCE, tinazolowera kuti mwana akakhoza wakhoza. Fomu yolembetsera dual credit imabwera m'chikwama cha mwana mwezi wa February, itapindikapindika pansi pa bokosi la chakudya, tsiku n'kudutsa.

Ku Texas nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kuyambira 1997 mwana amene ali m'gulu la 10 peresenti ya pamwamba pasukulu pake amalandiridwa mosavuta ku mayunivesite ambiri a boma. Nambala ya mwana m'kalasi imachokera pa GPA yomweyo.

Mawa lomwe pitani mukaonane ndi kansela (mlangizi wa ana) wa pasukulupo, musangotumiza mwana. Mukafunse maphunziro amene alipo chaka chamawa, mmene amawawerengera pa GPA, komanso za FAST, pulogalamu ya mu 2023 imene imalola ana oyenera chakudya chaulere kapena chotsika mtengo kusukulu kuphunzira dual credit osalipira.

Chenjezo langa ndi limodzi. Giredi ya dual credit imalembedwa pa mbiri yake ya ku koleji ndipo sifufutika. Akapeza D kapena F, imatha kudzamuvutitsa pofuna thandizo la ndalama la boma, limene limafuna GPA yosachepera 2.0 ku koleji. Kuthamanga sikufika, Mayi. Ayambe ndi phunziro limodzi limene amalikonda, ndipo tsiku lomaliza losiyira phunziro popanda kulephera mulilembe pa kalendala ya kukhitchini.