Ndimulipirire makalasi a SAT kapena aziwerenga yekha?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna kukaphunzira ku yunivesite ya ku America. Apeza anthu ophunzitsa SAT, mayeso a Chingerezi ndi masamu omwe mayunivesite ena a kumeneko amafuna, pa mtengo wokwera, ndiye akufunsa ngati alipire kapena mwanayo akonzekere yekha.

Mayi, ndalamayo muyambe mwaisunga kaye. Bungwe la College Board, eni ake a mayesowa, limapereka mayeso athunthu oyeserera kwaulere mu pulogalamu ya Bluebook, yomwenso mwanayo adzalembere tsiku la mayeso enieniwo. Khan Academy, sukulu ya pa intaneti, nayo yakhala ikuphunzitsa SAT mosalipiritsa kuyambira 2015. Palibe chinsinsi chomwe aphunzitsi olipidwa ali nacho choposa izi. Lipoti la 2009 la Derek Briggs, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, linapeza kuti makalasi olipira ankawonjezera mamalikisi pafupifupi 30 okha. Pa mayeso omwe malire ake ndi 1600, phindu limenelo ndi lochepa.

Chomwe ndalama imagula kwenikweni ndi munthu wokukhazika pansi ndi kukuuza pomwe walakwa. Zimenezo sindizipeputsa, chifukwa ana ena paokha sawerenga. Koma inuyo mukhoza kuyamba nazo kunyumba. Loweruka m'mawa mulandeni foni, mumupatse laputopu yodzaza moto, alembe mafunso onse 98 m'maola awiri ndi mphindi 14. Akamaliza, atenge kope n'kulemba funso lililonse lomwe waphonya ndi chifukwa chake: sanalimve, nthawi inamuthera, kapena mutuwo sanauphunzirepo? Kope limenelo ndiye lidzakuuzani zochita.

Mudziwenso kuti kuyambira 2023 mayesowa amalembedwa pa kompyuta, ndipo gawo lililonse lili pawiri. Akakhoza bwino chigawo choyamba, chachiwiri chimabwera chovutirapo, ndipo mamalikisi apamwamba ali kumeneko. Mphunzitsi amene akugwiritsabe mabuku akale a mayeso a papepala, amene sadziwa kakyuleta ya Desmos yomwe ili m'mayesomo, musamupatse ngakhale tambala.

Ndiye mulipire liti? Ngati patha miyezi iwiri kopelo likungoonetsa vuto lomwelomwelo, tinene masamu a algebra kapena kuwerenga Chingerezi mwachangu, pezani mphunzitsi wa chinthu chimenecho basi, kwa masabata owerengeka. Ndalama yotsalayo ipite ku bandulo ya intaneti ndi malipiro a mayeso, makamaka kuti adzathe kulembanso kachiwiri. Ndipo musanalipire aliyense, pitani naye ku EducationUSA ku Lilongwe, ofesi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, komwe uphungu ndi waulere, akakuuzeni ngati sukulu zomwe akuzifunazo zimafunadi SAT. Sukulu monga MIT ndi Harvard zimafuna zotsatira za mayeso oterewa, koma pali zambiri zomwe sizikakamiza.