Tifunseni: Phewa linavulala ku usilikali wa ku America koma chipukuta misozi akana

FUNSO: Zikomo a Tifunseni. Ine ndili ku South Bend, Indiana. Amuna anga analowa usilikali wa kuno atapeza green card, ndiye tsiku lina ku training anagwa phewa lakumanja mpaka kuguluka, analibwezera kuchipatala cha pakampu pomwepo iwo nkupitiliza ntchito ngati palibe chachitika. Pano anasiya usilikali koma mkono sukukwera, malaya ndimachita kuwaveka ndine, usiku akagonera mbali imeneyo ndi kubuula kokhakokha. Anapempha ndalama za asilikali ovulala zija koma mwezi watha kwabwera kalata yoti akana, akuti palibe umboni woti vutoli linayambira ku usilikali. Eni ake akuti zisiyeni, mwamuna sapemphetsa. Nditani ine? Mayi wodandaula, Indiana

YANKHO: Mayi pepani ndi zimenezi, koma kalatayo musaiponye mu drowa ayi. Yang'anani deti yomwe ili pamwamba pake chifukwa kuchokera tsiku limenelo muli ndi chaka chimodzi chochitira apilo. Mukachita mkati mwa chakacho nkuwina, ndalama amawerengera kuyambira pomwe bambo anapempha koyamba, ma arrears onse amabwera. Chikadutsa chaka mutha kupemphabe koma zambiri zam'mbuyozo zapita.

Ndipo muwauze bambowo kuti uku sikupemphetsa. Ndi chipukuta misozi cha thupi lomwe linaonongekera pantchito ya boma, lamulo ndi lomwe linaika, ndipo ndalama zake sadula msonkho.

A VA, nthambi yoona za asilikali opuma ku America, amafuna zinthu zitatu zigwirizane. Dokotala anene kuti lero phewali lili ndi vuto lakutilakuti, kaya ndi nyamakazi kaya mtsempha wa rotator cuff unang'ambika. Pakhale umboni woti china chake chinachitika ali msilikali. Kenako pakhale chingwe cholumikiza ziwirizi, chomwe iwo amati nexus, ndipo mmene mwafotokozeramu apa ndi pomwe pakuoneka kuti padaduka. Chosangalatsa nchoti dokotala safunika kulumbira kuti ndithu ndithu ndi kugwa kuja. Akangolemba kuti mwayi woti vutoli linachokera kumeneko ndi theka kapena kuposa, ndi kufotokoza chifukwa chake, lamulo limati zikafanana choncho msilikali ndiye apindule. Mawu omwe amawafuna pa kalatayo ndi akuti "at least as likely as not", dokotala wanu muuzeni alembe momwemo.

Chiyambire February 2019 njira za apilo zilipo zitatu. Higher-Level Review, fomu 20-0996, ndi yoti wamkulu wina aonenso fayilo yomweyo koma simuloledwa kuonjezera pepala lililonse, ndiye kwa inu sindikuona phindu lake. Board of Veterans' Appeals, fomu 10182, nkhani imakafika kwa jaji koma kudikira kwake konzekani mtima. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Supplemental Claim, fomu 20-0995, chifukwa imeneyi ndi yobweretsera umboni watsopano. Pezani mapepala achipatala a nthawi ya usilikali muone ngati tsiku logulukalo linalembedwa, onjezani MRI kapena X-ray ya panopa, kalata ya dokotala ija, komanso mnzawo yemwe analipo tsiku lomwe anagwa alembe zomwe anaona pa fomu 21-10210. Inunso mayi lembani yanu, zoveka malayazo, zobuula usikuzo, umenewo ndi umboni ndithu ndipo amauwerenga.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Akawaitana kokayezedwa, kuja amati C&P exam, bambo asakachite zachimuna. Ife tinaleredwa kuti munthu akati muli bwanji umayankha ndili bwino kaya inu, ngakhale ukufa ndi ululu, ndiye ukawonjezera usilikali pamwamba pake basi munthu amakweza mkono mpaka kumwamba atalumira mano, woyezayo nkulemba kuti mkono uli bwinobwino. Kumeneko amayeza ndi kachipangizo kotchedwa goniometer ndipo ma digiri akewo ndi omwe amasanduka ndalama. Mkono wabwino umakwera kufika 180. Ukamathera pa 90, molingana ndi phewa, ndi 20 peresenti pa mlingo wa kulumala womwe amawerengera ndalama. Ukamathera pa 45 ndi 30 peresenti ngati ndi mkono womwe munthu amagwiritsa ntchito kwambiri, 20 ngati ndi winawo. Ukamalephera kupitilira 25 ndi 40 kapena 30. Ndiye anene pomwe ululu wayambira, osapilira, komanso osanamizira chifukwa bodza likagwidwa limaononga fayilo yonse. Afotokozenso za masiku omwe phewa limavuta kwambiri, kangati pamwezi, limatenga nthawi yaitali bwanji, amalephera kuchita chani, poti khothi linagamula mu 2017 kuti woyeza aziganizira masiku oterowo ngakhale tsiku loyezalo munthu wadzuka bwino. Ngati phewalo limagulukaguluka anenenso, limenelo lili ndi mlingo wakewake.

Za loya musathamangire. Mabungwe a asilikali opuma ngati DAV, VFW ndi American Legion ali ndi anthu ovomerezeka omwe amathandiza ulere, ndipo ma county ambiri ali ndi ofesala wa ma veteran. Chenjerani ndi aja amadzitcha ma consultant pa Facebook nkumati mudzatipatse ndalama za miyezi ingapo mukawina, funsani kaye ngati ali ovomerezeka ndi VA.

FUNSO: Ine anandipatsa 20 peresenti ya phewa lamanzere zaka zapitazo koma pano zafika poipa, madokotala akukamba zoika phewa lachitsulo. Komanso ndikufuna ndizibwerera kumudzi ku Zomba ndikapume. Ndalamazi zidzaima? Bambo wa ku Texas

YANKHO: Siziima bambo, chipukuta misozi cha VA chimakutsatani ngakhale mukhale kunja kwa America, bola adziwe adiresi yanu ndipo makalata awo muziyankha. Palinso Foreign Medical Program yomwe imalipira chithandizo cha kunja pa matenda okhawo omwe anavomerezedwa kuti ndi a ku usilikali, ndiye phewalo lilowa koma malungo ayi. Lembetsani musananyamuke.

Poti zaipiraipira, apa si nkhani ya apilo, pemphani kuti akweze peresenti pa fomu 21-526EZ ndipo adzakuyezaninso. Akakuikani phewa lachitsulo malamulo amapereka 100 peresenti kwa chaka chimodzi, kenako amayezanso koma satsika pansi pa 30 ku mkono wodalirika kapena 20 ku winawo. Langizo langa opaleshoni, ma physio ndi kuyezedwako muthane nazo muli konko, Zomba sithawa.

Ena mwakhala mukufunsa ngati zimenezi zikukhudzanso abale athu omwe anali ku British Army. Ayi, awo njira yawo ndi ina, amapita ku Veterans UK, ndipo amene anavulala kuyambira pa 6 April 2005 amagwera mu Armed Forces Compensation Scheme komwe nthawi yopemphera nthawi zambiri ndi zaka 7. A Royal British Legion amathandiza pa ma apilo akumeneko.