Nyanja ya Lakers ili ku Minnesota: yankho kwa achimwene a ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nkhotakota omwe angoyamba kumene kutsatira ligi ya basketball ya ku America, ya NBA. Mafunso awo ndi awiri. Akuti mnzawo anawauza kuti dzina la Lakers limanena za anthu a kunyanja, ndiye akufuna kudziwa kuti nyanja yake ndi iti ku Los Angeles. Akufunsanso kuti timu ikathera kunsi kwa ligi imatsikira kuti, poti sanamvepo kuti nkhwangwa yagwera timu iliyonse.

Achimwene, mafunso anu awiriwa muzu wake ndi umodzi, ngakhale akuoneka osiyana.

Mnzanuyo sananame. Nyanjazo zilipodi, koma zili ku Minnesota, dera lozizira la kumpoto lomwe eni ake amalinyadira kuti lili ndi nyanja 10,000. Lakers inali timu ya mumzinda wa Minneapolis, ndipo ili komweko, motsogoleredwa ndi chimphona George Mikan, inatenga zikho zisanu pakati pa 1949 ndi 1954. Mikan atapuma anthu anayamba kuchepa pabwalo, ndalama zinavuta, ndipo mu 1960 mwini timu anainyamula n'kupita nayo ku Los Angeles. Dzina linapita nawo ngati katundu wa pamsamuko.

Kuti mumvetse momwe munthu anganyamulire timu yonse, yang'anani momwe ligiyi inabadwira. Sanaiyambitse ndi osewera kapena ochemerera. Mu 1946 eni mabwalo akuluakulu a hockey, masewero a pa madzi oundana aja, ankadandaula kuti masiku ena mabwalo awo amangokhala opanda anthu. Anagwirizana zoyambitsa ligi ya matimu 11, yomwe anaitcha BAA. Masewero oyamba anachitikira ku Toronto pa 1 Novembala 1946, pomwe New York Knicks inagonjetsa Toronto Huskies 68 kwa 66. Mu 1949 BAA inaphatikizana ndi ligi ina yakale, ya NBL, n'kukhala NBA. Kuchokera pachiyambi, timu inali bizinesi ya mwini wake, ndipo malo mu ligi ndi chinthu chogula. Mwa matimu a 1946 aja, Knicks ndi Boston Celtics okha ndiwo akadali mumzinda womwe anayambira.

Matimu a NBL ambiri anali a m'matauni ang'onoang'ono, ndipo mmodzimmodzi anathawira kumene kuli anthu ambiri. Pistons inali ya ku Fort Wayne, ya Fred Zollner yemwe anali ndi fakitale ya mapisitoni a injini, ndipo inasamukira ku Detroit mu 1957. Rochester Royals inayenda ulendo wautali: Cincinnati, Kansas City, kenako Sacramento mu 1985, komwe tikuidziwa kuti Kings. Ngakhale matimu obadwa pambuyo pake anasamukanso: Jazz inatenga dzina ku nyimbo za ku New Orleans, koma mu 1979 inakapezeka ku Utah. Grizzlies, dzina la zimbalangondo za kumadzulo kwa Canada, inachoka ku Vancouver kupita ku Memphis mu 2001.

Pa matauni ang'onowa, ine mtima wanga uli pa Syracuse, chifukwa ndi kumene kunachokera nzeru yopulumutsa ligi. Zaka zoyambazo timu ikatsogola inkangopatsirana mpira osaponya, kudikira nthawi ithe. Mu Novembala 1950 Fort Wayne inapambana Lakers 19 kwa 18, masewero onse, ndipo anthu olipira pakhomo ankatopa nazo. Pofika 1954 matimu anali atatsika kuchoka pa 17 kufika pa 8. Danny Biasone, mwini wa Syracuse Nationals, anawerengera kuti masewero osangalatsa amakhala ndi maponyo pafupifupi 120. Mphindi 48 ndi masekondi 2,880, ndipo mukagawa ndi 120 mupeza 24. Apo ndiye panachokera lamulo loti timu iponye mpira asanathe masekondi 24, wotchi yomwe mumaiona pamwamba pa golo ija. Masewero anathamanga, anthu anabwerera. Koma Syracuse yomweyo sinasunge timu yake: mu 1963 inasamukira ku Philadelphia n'kukhala 76ers.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ku NBA kulibe kutuluka mu ligi monga timachitira ku Super League kwathu kuno. Munthu amene walipira ndalama zankhaninkhani kuti akhale ndi malo sangalole lamulo loti malowo amuthere chifukwa cha chaka chimodzi choipa. Matimu alipo 30, 29 ku America ndi Toronto Raptors ku Canada, agawidwa 15 kummawa ndi 15 kumadzulo, ndipo iliyonse imasewera masewero 82 asanayambe a ndime zochotsana. Chaka chamawa mudzawapezanso omwewo. Atsopano amalowa pokhapokha eni ake akagwirizana, monga mu 1976 pomwe analandira Nets, Denver Nuggets, Indiana Pacers ndi San Antonio Spurs kuchokera ku ligi ya ABA yomwe inkatha.

Timu yothera kunsi m'malo molangidwa imathandizidwa. Chaka chilichonse pamakhala mwambo wa draft, wosankha osewera achinyamata, ndipo matimu omwe achita moipa ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu pamaere osankha poyamba. Cleveland Cavaliers inapambana masewero 17 okha mwa 82, ndipo mu 2003 inasankha LeBron James, mnyamata wa ku Akron, pafupi pomwepo. Mu 2016 timuyo inatenga chikho chake choyamba. Dongosolo limeneli ndimalikonda, chifukwa wochemerera timu yofooka amakhala ndi chifukwa choyembekezera. Chondidandaulitsa n'chakuti matimu ena akaona kuti chaka chawonongeka amasiya kulimbikira dala kuti akasankhe bwino, ndipo amene wagula tikiti ndiye amaberedwa.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi kusamuka kuja, ndipo nkhani ya Seattle sindimaiiwala. SuperSonics inakhala mumzindawo zaka 41 kuchokera mu 1967, inatenga chikho mu 1979, ana anakula akuvala zobiriwira ndi zachikasu. Mu 2006 inagulidwa ndi gulu la anthu a ku Oklahoma lotsogoleredwa ndi Clay Bennett, panabuka mkangano wa bwalo latsopano, ndipo mu 2008 timu inanyamuka, pamodzi ndi Kevin Durant yemwe anali atangosewera chaka chimodzi. Tangoganizani, achimwene, mutadzuka n'kumva kuti Bullets kapena Wanderers yachoka mu Blantyre ndipo sidzabweranso. Timu ya Seattle ija lero ndi Oklahoma City Thunder, yomwe inatenga chikho mu 2025 itagonjetsa Indiana Pacers pamasewero achisanu ndi chiwiri a ndime yomaliza. Pamsamuko umenewu dzina silinapite nawo. Pangano linali loti dzina la SuperSonics ndi mitundu yake zitsale ku Seattle, kudikira timu ina yomwe idzabwere.