Tafunsani: Masamu ndinawerengera bwino, nanga magetsi a sola akuthimiranji usiku?

Funso: Zipangizo zanga zonse, firiji, TV ndi mababu, zimadya 1,200 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola) pa tsiku. Ndili ndi mabatire awiri a asidi a 12V 100Ah olumikizidwa kuti apereke 24V, ndipo inveta, chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti agwire ntchito m'nyumba, ndi ya 3kVA. Ndinawerengera kuti theka la batire ndi 1,200 Wh yomweyo, koma kusanache inveta imayamba kulira kenaka n'kuthima. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Masamu anu ali bwino, koma mwaiwala kuti nayo inveta imadya. Posintha magetsi a DC a m'batire kukhala AC amene zipangizo za m'nyumba zimagwiritsa ntchito, mphamvu ina imatayika ngati kutentha. Gwirani pamwamba pa inveta ikamagwira ntchito: kufunda kumeneko ndi batire lanu likupita. Mainveta ambiri amapereka pakati pa 85 ndi 95 peresenti ya mphamvu imene atenga.

Ndiye gawani, musachulukitse. Tikatenga 90 peresenti, 1,200 Wh kugawa ndi 0.9 ndi 1,333 Wh. Imeneyi ndi imene batire liyenera kutulutsa.

Koma chimene chikukupwetekani kwambiri ndi kukula kwa invetayo. Peresenti yolembedwa pa bokosi imafikika pamene inveta yasenza katundu wokwanira, osati usiku pamene firiji yapuma ndipo chatsala ndi babu limodzi. Inveta ikangokhala yoyaka, ngakhale popanda cholumikizidwa, imakokabe magetsi ake. Yang'anani m'kabuku kake mzere wa no-load consumption. Tinene kuti yanu imakoka 25W, ndipo maola 16 pa tsiku imangokhala chabe: imeneyo ndi 400 Wh, gawo limodzi mwa atatu la zimene nyumba yonse imadya! Zonse pamodzi zakwana 1,733 Wh.

Poti batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, chulukitsani 1,733 ndi 2, mugawe ndi 24V. Mupeza 144Ah, choncho mukufunika mabatire a 150Ah. Ngati mudzagule ena, sinthani onse awiri, chifukwa batire latsopano likasakanizidwa ndi lakale limakalamba msanga.

Mapanelo a sola nawo awerengereni kuchokera pa 1,733, osati 1,200. Gawani ndi 0.75 chifukwa cha zotayika m'mawaya, m'kontrola (kachipangizo koyang'anira kuchaja kwa batire), pochaja ndi pa fumbi, kenaka ndi maola a dzuwa lamphamvu. Ngati ndi maola 5, mukufunika pafupifupi 460W.

Musanagule chilichonse, yesani kuyatsa power saving mode ngati inveta yanu ili nayo. Imagona mpaka firiji itafuna kuyamba. Yesererani usana mukuona, chifukwa mafiriji ena amakono sayidzutsa. Kwa ife, 3kVA pa katundu ngati wanuyu yachuluka. Ya 1kVA ya pure sine wave (yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM) nthawi zambiri imakwana, bola mutsimikize kuti surge yake (mphamvu yochuluka imene ingapereke kwa kanthawi kochepa) ingapirire firiji, imene poyamba imakoka kangapo kuposa mawati olembedwa kumbuyo kwake.