Funsani za Nyimbo: Chimbale cha Gregory Porter ndi jazi kapena zakutchalitchi?

FUNSO: Akulu, mchimwene wanga wa ku Joni ananditumizira pa foni chimbale cha Gregory Porter chotchedwa Liquid Spirit, akuti ndiphunzireko kumvera jazi. Ndachikonda ndithu, koma anzanga a kubandi akuti si jazi yeniyeni chifukwa nyimbo zambiri anapeka yekha, eti jazi ndi kuimba zakale zija. Komanso zina zikumveka ngati zakutchalitchi. Ndiye zoona zake ndi ziti? Ine wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo agwira mchira nkumati ndi mbuzi yonse. Nzoona kuti oimba jazi ambiri amakulira pa nyimbo zakale zomwe amati ma standard, aliyense amaibwereza mwa njira yake, koma lamulo loti usapeke zako kulibe ndipo silinakhaleko. Billie Holiday amene, woimba jazi wotchuka wa ku America, God Bless the Child anachita kupeka ndi Arthur Herzog Jr. Nanga iyeyo timuchotsenso mu jazi?

Chimbale mukunenacho chinatuluka mu 2013 ku Blue Note Records, kampani ya jazi yomwe inayamba kale mu 1939, ndipo chinali chachitatu chake atatulutsa Water mu 2010 ndi Be Good mu 2012. Muli nyimbo 14, mwa zimenezo zitatu zokha ndiye zobwereka. Ina ndi Lonesome Lover ya Abbey Lincoln ndi Max Roach, ina The "In" Crowd, kenako yotsekera ija I Fall in Love Too Easily, imeneyo ndi standard yeniyeni ya m'ma 1940 moti anzanuwo akamva mtima ukhala pansi. Mu 2014 chinatenga mphoto ya Grammy ya chimbale cha jazi cha mawu chopambana, ndiye kaya akubandi kwanuwo akudziwa kuposa.

Koma ine za mphoto sindidalira kwambiri, tcherani khutu basi. Jazi ili mmene anthu akuimbira, osati kuti nyimbo inapekedwa liti. Mvetserani Chip Crawford pa piyano mmene amamusiyira mpata Porter kenako nkumuyankha, Aaron James pa besi yaikulu yamatabwa ija, Emanuel Harrold pa ng'oma, pena saxophone imalowa nkuyenda njira yakeyake osati kungobwereza zomwe mawu anena ayi, ndiye zonsezi zikuchitika anthu akumverana ngati akucheza pakhonde. Water Under Bridges muli mawu ndi piyano basi. Palibe pobisala pamenepo, woimba wosatha amayaluka.

Za kutchalitchi zija khutu lanu silikunama. Porter anabadwa mu 1971 ku Sacramento nkukulira ku Bakersfield, California, mayi ake anali mlaliki ndipo bambo sankaoneka pakhomo kawirikawiri. Mayiwo anamwalira ndi khansa iye ali ndi zaka 21. Ndiye mukamva kuomba m'manja kuja mu nyimbo ya Liquid Spirit, ndi komwe anachokera kumeneko, gospel ya anthu akuda a ku America, ndipo jazi ndi gospel ndi blues kumeneko ndi ana a bere limodzi. 

Ndinene zanga pang'ono. Hey Laura ndi imene imandigwira ine, mwamuna wafika usiku pakhomo pa mkazi, akudziwa kale kuti pali wina koma akupempha kuti amunamize bola amve kuti akukondedwabe. Nkhani ngati imeneyo kuti ikhudze imafuna mwini wake. Koma chimbalechi ndi chachitali, chakumapeto ine ndimayamba kutopa, nyimbo imodzi kapena ziwiri akanazisiya sindikanadandaula.

Poti muli mu bandi, dziwaninso za thumba. Wopeka nyimbo ali ndi gawo lake la ndalama ikaseweredwa pa wailesi, ndiye ukamangoimba za eni, gawo limenelo limapita kwa eni ake. Kuno nkhani zimenezo ndi za COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, mukapeka zanu kalembetseni.

FUNSO: Malume, nanga chipewa chophimba makutu chija Gregory Porter savula bwanji? Ndi chachipembedzo? Mtsikana wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ayi chemwali, si chipembedzo. Mwini wake ananena kuti anayamba kuchivala atachitidwa opaleshoni ya pakhungu, kenako anthu anayamba kumudziwira chomwecho ndiye chinangokhazikika. Kumzuzu kwanuko mu June chingakuthandizeninso.